Bowo la Mkanda

Mlongo wanga Fulujensiyo sanasiye mbuzi,
sanasiye njinga, ngakhale wailesi.
Anasiya mabotolo kuseri kwa bafa,
mulu wofika m'chiuno,
ndi dzina lake m'kabuku ka Dona Erimelinda,
mwini baraka ya pamsewu wa ku Domwe:
metikali mazana asanu ndi makumi anayi,
zolembedwa ndi bolopeni yofiira.

Anabwerako ku Moatize chifuwa chili tho ndi fumbi la malasha.
Ankati mowa umatsuka kukhosi.
Sunatsuke.

Luso ndinalitola kwa Anasitanziya,
wotsimphina uja wa pamsika wa Ulongwe,
yemwenso analitola kwa wina ku Beira.
Anandiuza zinthu ziwiri zokha:
manga nsalu kumphuno,
ndipo usamapupulume ndi moto.

Ndimayamba ndi kutsuka.
Mapepala amasupuka m'beseni ngati nkhanambo,
fungo lokha ndilo limakana,
fungo la malaya ake a Loweruka.
Ofiirira uku, obiriwira uko.
Labuluu linalipo limodzi lokha,
sindidziwa anamwamo chiyani, kapena anamwa ndi yani.

Mtondo wanga ndi chidutswa cha paipi,
munsi ndi chitsulo cha lole yakufa.
Kho! Kho! Ana a pakhomo lina amathamangira kudzaona,
ndimawabweza, ali opanda nsapato.
Ndimasinja, ndimasefa, ndimasinjanso misere
mpaka utatsala ufa wonyezimira,
ufa woti nkhuku isayandikire.

Chikombole ndinaumba ndi dongo la pachulu,
timaenje makumi anayi.
Pakati pa kadzenje kalikonse
ndimaimika kaphesi ka tsamba la chinangwa,
kenako ufa uja, pang'onopang'ono, ndi kasupuni ka tiyi.
Ng'anjo imadya nkhuni za bulugamu ndi zitsononkho,
ine n'kukhala chapatali, nkhope ili thukuta, msana uli zii.

M'katimo galasi limaiwala kuti linali botolo.
Kaphesi kaja kamapsa, kamatheratu,
ndipo pomwe kanaima pamatsala bowo.
Anasitanziya sanandiuze zimenezi,
ndinaziona ndekha m'mawa wina ndikupemerera phulusa:
ulusi umadutsa
pomwe china chinapsa.

Ulendo woyamba ndinapupuluma.
Mphepo ya mu Juni inalowa m'ng'anjo,
mikanda khumi ndi umodzi n'kung'aluka, the, the, the,
ndipo ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda.
Anthu akanandiona akanati ndapenga.

Yotsalayo ndinaikhutiza pamwala ndi mchenga wonyowa
mpaka zala zitachita matuza.
Ndinatunga: itatu yofiirira, umodzi wobiriwira,
itatu yofiirira, iwiri yobiriwira poti ndinasokoneza,
ndipo ndinangosiya choncho.

Loweruka, malole a kachewere akutsikira ku Tete,
ndinalowa m'baraka muja koyamba m'moyo wanga.
Amuna anatsitsa mawu.
Ndinauyala pathebulo, pambali pa kabuku.
Dona Erimelinda anaunyamula, anauyeza kulemera m'dzanja,
anauvala, n'kudziyang'anira pachitseko cha filiji.
"Ndi ake aja?"
"Ndi anu," ndinatero, "angobwerera."

Sanaseke.
Anatsegula kabuku, ananyowetsa chala,
bolopeni n'kukana kulemba.
Anaikhutiza pachikhatho, anaipumira mpweya, osatheka.
Basi anangong'amba tsamba lonse,
pamodzi ndi ngongole za anthu ena awiri
amene mpaka lero sadziwa mwayi wawo.

Potuluka anandisenzetsa thumba la mabotolo.
Njira yonse ankalira pamutu panga, ngwe, ngwe,
mabotolo a alongo a eni.

Labuluu lija linatulutsa mikanda isanu ndi umodzi.
Inayi ndinapanga ndolo, zinapita ndi namwino wa ku Lifidzi.
Umodzi unagwera m'phulusa, sunaoneke.
Wotsalawo sindinautunge.
Uli pawindo, m'chivundikiro cha botolo,
ndipo masiku ena ndimauika padiso.
Umaonetsa zochepa:
kachigawo ka mpanda,
nsonga ya chulu,
ndi pamalo paja kuseri kwa bafa
pomwe udzu wayamba kumera.